Kampando Koyang'ana Kukhoma

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi yoyandikana ndi khomo la kuchimbudzi. Ena amaikana bedi imeneyi, koma kwa munthu wa matenda ngati anga ndiye bedi ya bwana.

Ndine Manasseh Kumwenda, telala wa kuseli kwa msika wa pa boma. Ndikulemba kuti dzanja lisaiwale ntchito, komanso kuti mkazi wanga Evelina akandifunsa zimene madokotala anena ndisamangoti anena zambili.

Vuto ndi lomwe lija la zaka ziwili: kutsegula m'mimba kwa magazi. Limabwela, limapita, limabwelanso. Mapilitsi a Fulajilo ndamwa okwana kudzaza thumba la feteleza. Thalauzi ndaibweza m'chiuno katatu pamakina anga omwe. Kumsika ena akuti ndi matenda aja, ena akuti anandilodza telala mnzanga chifukwa cha oda ya mayunifomu. Munthu amene kolala yeniyeniyo imamukanika angalodze ndani?

Lelo dilipi mabotolo awili. Magazi akuti ali pa 8, ndi ochepa. HIV palibe, TB palibe, tizilombo ta kamwazi sanatipeze. Adokotala anakanda m'mutu. Sindikonda dokotala akamakanda m'mutu.

Lachiwili, 4 Juni

Evelina sangabwele, anabeleka mwana wamwamuna masabata awili apitawo, akali m'chikuta. Akulu anga a Solomon ali kutchile ku Lukusuzi, amalonda nyama, foni sigwila. Amayi anatisiya kale. Ndiye m'mawa uno ndikutsegula maso, ndani waima kumiyendo kwa bedi ndi fulasiki ya phala? Apongozi anga, aNyaMtonga, amene anachokela ku Chikomeni kudzathandiza mwana wawo.

Mayo ine! Ndinakoka bulangete mpaka pachibwano.

Chikwatileni Evelina, ine ndi iwo sitinayang'anepo m'maso, sitinapatsanepo dzanja, sitinadyelepo pamodzi. Tikakumana panjila wina amapatukila m'chimanga. Ndi ulemu wa kwathu ndipo ine ndimaukonda, umachepetsa mikangano. Koma sindinaganizepo kuti ulemu umenewu ungandilondole mpaka m'chipatala.

Abwela ndi kampando kawo. Akaika pambali pa bedi, koyang'ana kukhoma, ine kundipatsa msana. Anesi awalola kukhala tsiku lonse popeza ndikuchita chizungulile ndikaima. Mawu athu akudzela mwa a Friday Zimba a bedi yotsatila, mlimi wa fodya amene ngolo inamuponda mwendo. Apongozi, ponditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba, amati, "Afunseni atate a Lukundo ngati phala lili ndi mchele." A Friday amatembenuka, nakonza pakhosi, nandifunsa ngati kuti sindinamve. Ine ndimayankha kwa a Friday. Ntchitoyi aikonda kwambili, akuti chibadwileni sanapatsidwepo udindo waukulu chonchi.

Lachitatu, 5 Juni

Masana kunabwela Sisita Claire, nesi wa kafukufuku. Ndi m'Bemba wa ku Kasama, ndiye atangomva kuti ndine wa kuno anati vuto langa ndi kudya mbewa zosapsa. Ndinamuyankha kuti wodya anyani sangandiphunzitse za m'mimba. Chimbuya chathu, kunyozana kosewela kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, chinayambila pomwepo, wodi yonse kuseka.

Atakhala pansi anafotokoza bwinobwino. Pali matenda ena otupitsa matumbo amene kale ankati ndi a azungu okha, kuno kulibe. Tsopano akuwapeza, ndipo ambili a ife takhala tikumwa mankhwala a kamwazi pachabe. Kuti adziwe zenizeni amalowetsa kamela m'matumbo, koma kamelayo ili kutali. Kafukufukuyu akufuna kuona ngati kachipangizo kena, kofanana ndi kopimila malungo, kangamathandize zipatala za kutali ngati yathu kudziwa msanga amene akufunika kamela. M'malo mwa dontho la magazi amaikapo kachimbudzi pang'ono. Chimene kamapima dzina lake ndi kalupulotekitini, ndinachita kumupempha kuti anene katatu.

Lachinayi la sabata yamawa akatswili a ku Lusaka adzakhala ku Chipata ndi kamela. Galimoto ya kafukufuku idzanyamula anthu asanu okha a boma lino, amene matenda awo ali pamoto. Otsala adzadikila ulendo wina, mwina mvula itayamba. Mankhwala oyenela adokotala sakufuna kundiyambitsa asanaone m'kati, akuti akalakwitsa matenda angawonjeze moto. Anandiuza kuti kulowa m'kafukufukuyu ndi kufuna kwanga, ndipo ndikakana chithandizo cha masiku onse sichisintha. Ndinavomela ndi manja awili. Mpando umodzi m'galimoto imeneyo ndikuufuna.

Kenako anatulutsa tabuleti yake nati tsiku lililonse azindifunsa mafunso. Anayang'ana apongozi nandifunsa ngati amama atuluke kaye.

Ine, Manasseh, kuuza apongozi kuti tulukani? Ndinati iyayi, akhale.

"Chiyambileni dzulo mwapita kuchimbudzi kangati? Magazi analipo?"

Mawu a Sisita Claire ndi a munthu woitanila basi. Ndinayang'ana msana wa apongozi, duku lawo lili phee. Zoona zake zinali kakhumi, magazi nthawi zonse. Pakamwa panga panatuluka kuti kawili, magazi pang'ono chabe.

A Friday anatsokomola. Iwo amadziwa, ndimawadutsa pamphuno ulendo uliwonse.

Lachinayi, 6 Juni

Dilipi botolo limodzi. Mapilitsi owonjezela magazi, limodzi m'mawa. Chimbudzi atenga chokapima.

Pali nkhani imene ndikuchita nayo manyazi ngakhale pano, koma ndiilemba. Nthawi zina sindifika, ngakhale khomo lili pafupi. Zovala zotelozo ndimazikulunga m'pulasitiki, ndimamanga mfundo zitatu zolimba za utelala, ndi kuuza a Friday kuti auze apongozi kuti akapeleke kwa Evelina osamasula. M'mawa zimabwela zoyela, zosita, zopindidwa bwino. Evelina ndi mkazi. Ndikachila ndimusokela dilesi ya manja otukumuka imene wakhala akundipempha.

Sisita Claire: kangati? Ine: kawili. Anasangalala, nati mbewa zikutuluka m'thupi.

Lachisanu, 7 Juni

A Friday andikalipila m'mawa apongozi atapita kukatsuka makapu. Akuti ndikudzikumbila ndekha. Anati ndilembe pakapepala ndimupatse sisita mobisa. Ndinawakumbutsa kuti Sisita Claire chilichonse chimene akulowetsa m'tabuleti amachiwelenga mokweza kuti wodwala atsimikize. Anavomeleza kuti pamenepo ndiye zingakhale zoipa kuposa.

Tinapangana zochotsa apongozi mwaulemu. Nthawi ya sisita itayandikila ndinauza a Friday kuti awauze kuti mtima wanga ukufuna nthochi za kugeti. Apongozi anangopisa m'chikwama, nthochi phava lonse. Ndinayesanso, ndinati foni yanga yatha mayunitsi. Anatambasula dzanja chakumbuyo, osatembenuka, atagwila foni yawo. A Friday anaseka mpaka mwendo unawapweteka.

Nesi wa usiku ndinamuuza zoona, ndipo analemba m'buku la wodi. Koma akuti mafunso a kafukufuku ndi a Sisita Claire yekha, ayenela kumva pakamwa panga.

Sisita Claire atafika, kawili, ndinatelo. Magazi atha.

Loweluka, 8 Juni

Alendo tsiku lonse. Amayi a kwaya abwela ndi chiwawa cha nsinjilo, chikanda, nyemba ndi mazila owilitsa. Adokotala anati ndipewe kaye zamasamba ndi zonona, ndiye ine ndadya phala ndi dzila limodzi, zotsala zonse zalowa mwa a Friday. Akuti matenda anga awanenepetsa, pulasitala yayamba kuthina.

Telala mnzanga uja, amene akuti anandilodza, wabwela ndi botolo la maheu. Wandiuza kuti akundisungila makasitomala. Ndinamufunsa kuti akuwasunga kapena akuwadya. Tinaseka. Anandiyang'ana mikono nasiya kuseka.

Sondo, 9 Juni

Apongozi apita kutchalitchi, tsiku loyamba kampando kukhala kopanda munthu. Ndinadzuka ndi chimwemwe, ndinakonza ndi mawu omwe oti ndinene. Kenako a Friday anandikumbutsa kuti Sisita Claire sagwila ntchito pa Sondo.

Ndinaimbila Evelina. Mwana akuyamwa bwino, Lukundo akufunsa kuti adada abwela liti. Ndinayamba mozungulila kuti amama akutopa, bwanji azibwela dzuwa litapendeka. Evelina anati ndi iye anawauza kuti asamachoke madokotala akamalankhula, chifukwa amandidziwa, ndimabisa. Kenako anafunsa ngati pali chimene ndikubisa.

Mkazi woyamwitsa khanda, ndimuuze kuti ndikutha? Ndinati iyayi, ndili bwinoko.

Lolemba, 10 Juni

Ndafooka. Magazi atsika, ali pa 7. Andiika botolo limodzi la magazi.

Kachipangizo kaja kaonetsa kuti matumbo atupa kwambili. Sisita Claire wadabwa, akuti kachipangizo kakuti moto, mwini mimba akuti kwazizila. Akuganiza kuti mwina kachipangizoko kakunama. Ndiye bodza langa lafika poipitsa ntchito ya anthu. Mawa atseka maina.

Ndikuopa.

Lachiwili, 11 Juni

Ndilemba zonse.

Sisita Claire anabwela wopanda nthabwala. Anati akuluakulu a kafukufuku aona mayankho anga a sabata yonse. Popeza ndikunena kuti ndikupeza bwino, mpando wanga aupeleka kwa munthu wina wa ku Chikomeni, ine ndidzapita ulendo wotsatila. Anandifunsa komaliza ngati pali chosintha.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinayang'ana duku lija. Ndinati zikomo, sisita, palibe.

Pamenepo ndinamva kampando kakukwekweleza pasimenti. Apongozi anatembenuka, iwo ndi kampando komwe, nandiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Ali ndi mpata pamano ngati wa mwana wanga Lukundo, ndipo zaka zonsezi sindinkadziwa kumene mwanayo anautenga.

Sanadzele mwa a Friday. Analankhula m'Chitumbuka, motsitsa, ndipo ananditchula dzina.

"A Manasseh. Evelina msana sunalimbe, sangawelame pabeseni. Mfundo zanu zitatu zija mukuganiza kuti amamasula ndani?"

Ndinalakalaka bedi itandimeza.

"Ndachapa ndine, tsiku lililonse. Ndaona zonse. Ulemu wanu ndaulandila, yewo chomene. Koma mwana wanga sanabeleke kuti alele ana yekha. Auzeni asisita."

Ndinalila. Sindibisa, ndinalila pamaso pa apongozi ndi amuna a wodi yonse. Kenako ndinanena. Kakhumi, masiku ena kupitilila. Magazi nthawi zonse, ndi zonanda. Kupotokola kumanzele kwa mchombo. Kusafika. Sisita Claire ankalowetsa m'tabuleti, ndipo kwa nthawi yoyamba anawelenga monong'ona.

Atamaliza anafunsa a Friday kuti kodi amayiwa si amayi anga ondibala? Atamva kuti ndi apongozi anagwila m'mutu. Iye ankangomva ndikuti amama, amama. Anati kwawonso ndi chimodzimodzi, iye pamaso pa apongozi ake aamuna sangatchule ngakhale chimfine. Zoyang'ana kukhoma ankaganiza kuti ndi mayi wachisoni amene sakufuna kuona mwana wake ataonda. Akuti kuyambila lelo sazifunsanso wodwala ngati wachibale atuluke, aziwapempha yekha, ndipo akauza anzake a kafukufuku m'maboma ena achite zomwezo. Kenako anandiloza chala nati anthu a kum'mawa tingafe ndi ulemu tili chigwadile.

Anatuluka kukaimba foni. Anatenga nthawi. Apongozi anauza a Friday kuti sabata yonse ankadikila kuti ndinene ndekha, sanafune kundivula pagulu. Ankaganiza zotuluka, koma anaopa kuti ndidzati anyansidwa nane.

Sisita atabwela anati wa ku Chikomeni uja sachotsedwa, nayenso akudwala. Koma akatswili avomela kuona munthu wachisanu ndi chimodzi. Ndidzakhala kumbuyo, pamodzi ndi mabokosi.

Lachitatu, 12 Juni

Osadya chilichonse cholimba, madzi ndi tiyi wopanda mkaka basi. Andipatsa chigubu cha mankhwala otsuka m'matumbo kuti kamela ikaone bwino. Taonani nzelu za madokotala: munthu wabwela chifukwa chotsegula m'mimba, iwo akumupatsa mankhwala otsegula m'mimba. Amakoma ngati madzi a m'thumba la mchele.

A Solomon atuluka kutchile, ndiwo andipelekeze. Atandiona anati njovu za ku Lukusuzi zikanandiona zikanandiyesa bango.

Lachisanu, 14 Juni

Tabwelako. Msewu wa ku Chipata ndi mimba yotsukidwa si zinthu zoyendela pamodzi. Dalaivala anaima kangapo, osadandaula, Mulungu amudalitse.

Kamela ndi kachingwe kakuda, kokhuthala ngati chala. Anandibaya jekiseni wogonetsa pang'ono, ndiye zambili sindikuzikumbuka. Nditatsitsimuka, dokotala wamkazi wa ku Lusaka anandionetsa zithunzi. M'kati mwa thumbo lalikulu, kuyambila kumunsi kukwela mbali ya kumanzele, ndi mofiila, mwa tizilonda. Atamva kuti ndine telala anati lili ngati nsalu ya m'kati mwa jekete imene yapelepeseka, yakunja ikali yabwino. Ndinamvetsa msanga.

Dzina lake ndi ulcerative colitis. Si kamwazi, si ufiti, sapatsilana, Evelina ndi ana sangatenge. Asilikali a m'thupi langa ndiwo akumenya thumbo lawo lomwe. Satha, koma amagona, ndipo munthu akamamwa mankhwala amagwila ntchito ngati wina aliyense. Adula tinyama tating'ono tokapima ku Lusaka kuti atsimikize.

Ndinafunsa ngati kachipangizo kaja kananena zoona. Anati inde, kanalondola. Ndinapuma. Wabodza ndinali ine ndekha.

Mankhwala: puledinisoloni, mapilitsi asanu ndi atatu m'mawa nditadya, ndizichotsa limodzi sabata iliyonse, osasiya mwadzidzidzi. Mesalazini tsiku lililonse, ngakhale nditamva bwino. Mankhwala a ululu ogula pakantemba andiletsa, kupatula panado. Sisita Claire azindipima mwezi uliwonse mpaka chaka chithe.

Zaka ziwili ndakhala ndi mlendo m'mimba wosadziwa dzina lake. Lelo ndagona tulo ta masana.

Sondo, 16 Juni

Njala! Puledinisoloni uyu ndi mbala. Ndadya mbatata, mpunga, nkhuku yowilitsa. A Friday akudandaula kuti zotsala zasowa, akuti ankandikonda ndili wodwala.

Chichokeleni Lachiwili apongozi sindinalankhule nawo. Kuyambila Lachitatu mpaka dzulo anali kunyumba, lelo kutchalitchi. Ndikudzifunsa kuti mawa tikhala bwanji. Ndiwayang'ane? Ndiwapatse dzanja? Munthu amene wakuchapila zotelozo umamuthokoza ndi mawu ati? A Friday akuti ndiwasokele chilundu ndi bulauzi. Ndinawafunsa kuti muyeso wa apongozi autenga ndani.

Lolemba, 17 Juni

Magazi akwela, ali pa 9. Dilipi achotsa. Adokotala akuti Lachitatu ndituluka, ndipo lelo sanakande m'mutu.

Apongozi anafika m'mawa ndi fulasiki yawo. Ndinakhala tsonga, mawu othokoza ali okonzeka. Iwo anatenga kampando, nakaika pamalo pake, koyang'ana kukhoma, nandipatsa msana ngati kale. Mtima unatsika pansi, ndinamva bwino kwambili. Ndinauza a Friday kuti awauze kuti yewo. Anayankha kuti awauze atate a Lukundo amwe phala lisanazizile.

Masana Sisita Claire anabwela, nagwada pang'ono, napempha amama kuti atuluke kaye. Anatuluka mosavuta. Ndinayankha mafunso onse mwachilungamo, iye nanditcha mbewa yolapa.

Atapita, apongozi analowa, nakhala pakampando, nakonza duku. Kenako, maso ali kukhoma, anati:

"A Zimba, afunseni atate a Lukundo. Lelo apita kangati?"

A Friday anakonza pakhosi, natembenukila kwa ine ndi nkhope ya kukhoti, nandifunsa.

Ndinati, "Auzeni amama kuti katatu. Magazi palibe. Ndipo pulasitiki lelo kulibe."

A Friday sanathe n'kupeleka komwe uthengawo. Apongozi anali ataimba kale nthungululu, kuyang'ana kukhoma, mpaka nesi anabwela chothamanga.